Mtendere Umaonekera Pasukulu ndi Pasikelo: Phunziro Lochokera ku Mozambique

Pa 4 Okutobala 1992, Lamulungu limene lidalinso tsiku lokumbukira Francis Woyera wa ku Assisi, Pulezidenti Joaquim Chissano ndi mtsogoleri wa Renamo, Afonso Dhlakama, adasayina pangano la mtendere mumzinda wa Roma. Nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique, imene idayamba mu 1977, idathera pamenepo. Anthu pafupifupi 1 miliyoni adali atafa, ndipo mamiliyoni ena adali atathawa m'midzi mwawo.

Mfuti zidaleka kulira, koma mwana amene adabwerera kwawo ku Angonia, ku Milange kapena ku Mutarara adakapeza sukulu ilibe denga, chipatala chili bwinja, mphunzitsi ndi namwino kulibe. Kwa mwana ameneyo nkhondo idali isanathe. Phunziro la sabata ino likufotokoza mmene dziko limamangiranso sukulu ndi zipatala za ana nkhondo ikatha, chifukwa chake ntchitoyi imatenga nthawi yaitali, ndiponso zimene Malembo Oyera ndi Mpingo amaphunzitsa pa nkhaniyi.

Chifukwa chake sukulu ndi zipatala zimayamba kugwa

Mozambique italandira ufulu mu 1975, boma la Frelimo lidatenga sukulu ndi zipatala zonse, kuphatikizapo za mamishoni, n'kuyamba kuziyendetsa lokha. Lidatsegulanso sukulu ndi tizipatala tambiri m'midzi, ndipo lidachititsa kampeni yaikulu ya katemera. M'midzi yambiri, mphunzitsi ndi wazaumoyo ndiwo adali nkhope yokhayo ya boma imene anthu ankaiona.

Ichi ndicho chidawaika pangozi. Gulu la Renamo, limene poyamba linkathandizidwa ndi boma la azungu la Rhodesia ndipo kenaka ndi boma latsankho la South Africa, linkadziwa kuti kutentha sukulu n'kuuza mudzi wonse kuti boma silingawateteze. Aphunzitsi ndi anamwino ankaphedwa kapena kubedwa, mankhwala kulandidwa, malata kusasulidwa. Mu Julaye 1987, m'tauni ya Homoine m'chigawo cha Inhambane, anthu pafupifupi 400 adaphedwa tsiku limodzi, ena mwa iwo odwala amene adagonekedwa m'chipatala. Asilikali a boma nawonso adachitira anthu wamba nkhanza, monga kuwasamutsa mokakamiza m'midzi mwawo. Njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu.

Mayi Graça Machel, amene adali nduna ya zamaphunziro ya Mozambique kuyambira 1975 mpaka 1989, adatsogolera kafukufuku wa bungwe la United Nations wokhudza mmene nkhondo imapwetekera ana. Lipoti lawo la mu 1996 lidati pafupifupi sukulu za pulayimale 45 pa 100 zilizonse za ku Mozambique zidawonongedwa. Zipatala zazing'ono mazanamazana zidatenthedwa, kufunkhidwa kapena kutsekedwa.

Chimapha mwana pankhondo n'chiyani?

Ana ambiri amene amafa pankhondo saphedwa ndi chipolopolo. Amafa ndi chikuku, malungo, kutsekula m'mimba ndi kunyentchera, matenda amene chipatala chaching'ono chikadatha kuwapewa kapena kuwachiza.

Katemera ndi chitsanzo chabwino. Mankhwala ambiri a katemera amafunika kusungidwa pozizira, pakati pa madigiri 2 ndi 8, kuchokera kumene apangidwa mpaka pamkono wa mwana. Pamafunika firiji, mafuta kapena magetsi oyendetsera firijiyo, galimoto kapena njinga yamoto, msewu wodutsika, ndi munthu wodziwa kubaya. Chimodzi mwa izi chikasowa, sikelo imaima. Khanda limene likadalandira katemera wa chikuku pa miyezi 9 limakula lopanda chitetezo, ndipo chikuku chikalowa mumsasa wodzaza anthu anjala chimasesa ana ambiri m'masabata ochepa. Mayi woyembekezera amene akadachilira m'manja mwa mzamba amachilira kutchire.

Kutsekedwa kwa sukulu sikupha msanga chotere, koma bala lake limakhalitsa. Mwana amene adali ndi zaka 6 pamene sukulu ya kwawo idatenthedwa mu 1983 adali ndi zaka 15 pa tsiku la pangano la ku Roma. Nthawi yake yonse ya pulayimale idapita. Ndipo popeza mphunzitsi wamawa amachokera mwa ophunzira alero, dziko limene lataya zaka khumi za sukulu limadzasowa aphunzitsi ndi anamwino pa nthawi yomwe likuwafuna kwambiri.

Zimene Amalawi adaona ndi maso

Nkhani imeneyi si yachilendo kuno. Mwa anthu pafupifupi 1.7 miliyoni amene adathawira m'maiko oyandikana ndi Mozambique, oposa 1 miliyoni adalandiridwa m'Malawi, m'maboma monga Nsanje, Chikwawa, Mulanje, Mwanza, Ntcheu, Dedza ndi Mangochi. Ku Nsanje idafika nthawi yoti othawa nkhondo adachuluka kuposa eni dera. Ku Dedza ndi ku Ntcheu ambiri sadakhale m'misasa, adangowoloka malire n'kukakhala pakati pa abale awo olankhula chinenero chimodzi.

Akhristu ambiri amene lero akukhala m'tauni adakulira m'maboma amenewa. Amakumbukira mizere ya pachipatala, zitsime zimene zinkaphwa msanga, mitengo imene idatha ndi nkhuni. Amakumbukiranso kuti m'misasa mudatsegulidwa sukulu, ndipo ana ankaphunzira m'Chipwitikizi kuti tsiku lobwerera likadzafika asadzakhale alendo m'kalasi ya kwawo. Kumanganso Mozambique kudayambira m'makalasi audzu amenewo, nkhondo isanathe n'komwe.

Magawo anayi a kumanganso

Pakati pa 1993 ndi 1995 othawa nkhondo adabwerera kwawo, ambiri a iwo wapansi. Zimene zidachitika pambuyo pake zikuonetsa kuti kumanganso kuli ndi magawo anayi, ndipo lililonse lili ndi liwiro lake.

Gawo loyamba ndi njira. Mbali zonse ziwiri zidakwirira mabomba pansi: m'misewu, pamilatho, pazitsime, m'minda, ngakhale m'njira zopita kusukulu. Bomba lokwirira silidziwa kuti pangano lidasayinidwa. Simenti ndi malata sizikadafika kumudzi msewu usanayeretsedwe, ndipo ana, amene amatola chilichonse chachilendo, ndiwo adali pangozi yaikulu. Mabungwe monga HALO Trust adagwira ntchitoyi mita ndi mita, ndipo bungwe la APOPO lidagwiritsa ntchito abwampini ophunzitsidwa kununkhiza mabomba. Boma la Mozambique lidalengeza kuti malo onse odziwika ayeretsedwa mu Sepitembala 2015, patatha zaka 23 chisayinireni pangano.

Gawo lachiwiri ndi makoma. Bungwe la UNHCR pamodzi ndi boma ndi mabungwe ena adathandiza ntchito zing'onozing'ono zofulumira m'madera amene anthu ankabwerera: midadada ya makalasi, tizipatala, mijigo ndi milatho. Nthawi zambiri anthu a m'mudzi ankaumba njerwa, kututa mchenga ndi kutunga madzi. M'malo ambiri sadadikire n'komwe thandizo, adayamba kuphunzitsa ana pansi pa mtengo. Gawo limeneli ndilo limaoneka bwino pazithunzi, ndipo ndilo losavuta pa onse anayi.

Gawo lachitatu ndi anthu. Mdadada wa makalasi ungamangidwe m'miyezi itatu, koma mphunzitsi kapena namwino amaphunzira zaka, ndipo akayamba ntchito amafunika malipiro mwezi ndi mwezi, nyumba yogona, choko, mabuku ndi mankhwala. Opereka thandizo amakonda kulipira nyumba imene angaikepo chikwangwani kusiyana ndi malipiro a zaka makumi awiri. Chotero kudapezeka zipatala zopakidwa penti bwino koma zopanda namwino. Sukulu zidalemba ntchito aphunzitsi osaphunzira za uphunzitsi, ndipo kalasi imodzi inkalandira magulu awiri kapena atatu pa tsiku. Amalawi akulidziwa vutoli: pamene sukulu ya pulayimale idakhala yaulere mu 1994, ophunzira adakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo aphunzitsi sadakwane.

Gawo lachinayi ndi mitima. M'kalasi imodzi munkakhala mwana amene adakulira mumsasa ku Nsanje, mwana amene adaona makolo ake akuphedwa, ndi mnyamata amene adabedwa ali wamng'ono n'kukakamizidwa kugwira mfuti. Mabungwe monga Save the Children ndi Red Cross adayenda ndi zithunzi za ana otayika kufunafuna abale awo. Midzi idachita miyambo yolandirira ndi kuyeretsa obwerera kunkhondo, mipingo idachita mapemphero a chiyanjano. Mu 1995, Episkopi Dinis Sengulane wa Mpingo wa Anglican, kudzera m'bungwe la mipingo yachikhristu ya m'dzikolo, adayambitsa ntchito yosinthanitsa mfuti ndi makasu, makina osokera, njinga ndi malata, potsata masomphenya a mneneri Yesaya (Yesaya 2:4). Kholo silitumiza mwana wamkazi kusukulu ya mtunda wautali ngati likudziwa kuti mfuti zidakali zokwirira kuseri kwa nyumba za anthu.

Zimene Nehemiya akuphunzitsa

Buku la Nehemiya likusimba za ntchito yonga yomweyi. Ababiloni adawononga Yerusalemu cha m'ma 587 Khristu asanabadwe. Pamene Nehemiya, woperekera chikho wa mfumu ya ku Persiya, adafika mumzindawo, padali patapita zaka zoposa 140, koma malinga adali chigwere. Kugwetsa kudatenga masabata, kudzutsa kudadikira mibadwo.

Nehemiya adayamba n'kuyendera mabwinjawo usiku kuti adzionere yekha kukula kwa ntchito (mutu 2). Kenaka ntchito idagawidwa: ansembe, osula golide, opanga zonunkhira, amalonda, aliyense chigawo chake, ambiri moyang'anana ndi nyumba zawo. Wolemba sadaiwale kutchula munthu wina dzina lake Salumu amene adamanga pamodzi ndi ana ake aakazi (3:12). Mutu umodzi susenza denga, ndipo chimene munthu wamanga ndi manja ake amachisamala.

Mutu 5 ndiwo wofunika kuuwerenga mofatsa. Ntchito ili mkati, amphawi adadandaula kuti apinyolitsa minda yawo chifukwa cha njala ndi msonkho, ndipo ana awo akugulitsidwa ukapolo kwa Ayuda anzawo. Nehemiya sadawauze kuti adikire linga lithe. Adaitanitsa msonkhano, nadzudzula olemera, nawalumbiritsa kuti abweze minda ndi kuleka katapira. Adazindikira kuti linga loteteza mzinda umene ukugulitsa ana ake lilibe phindu.

Linga lidatha m'masiku 52 (6:15), koma bukuli silithera pomwepo. Mzinda udali waukulu, anthu ochepa (7:4), ndipo padafunika kuchita maere kuti mabanja ena asamukiremo. Ezara naye adawerenga Malamulo pamaso pa amuna, akazi ndi onse otha kumva, Alevi akutanthauzira kuti aliyense amvetse (mutu 8). Kumanganso kudafika pachimake pamene anthu adasonkhana kuti aphunzire.

Mneneri Zekariya, pofotokoza Yerusalemu wobwezeretsedwa, sadatchule kutalika kwa malinga. Adanena za nkhalamba zokhala m'mabwalo ndi ndodo zawo, ndiponso za anyamata ndi atsikana osewera m'misewu (Zekariya 8:4-5). Ambuye Yesu, amene ali khanda adathawira ku Ejipito chifukwa cha lupanga la Herode, adaika mwana pakati pa ophunzira ake nawauza kuti wolandira mwana walandira Iye (Marko 9:36-37). Muyeso wa mtendere m'Malembo ndi mwana.

Chiphunzitso ndi ntchito ya Mpingo

Msonkhano Wachiwiri wa Vatican, m'chikalata cha Gaudium et Spes cha mu 1965, udaphunzitsa kuti mtendere ndi chipatso cha chilungamo, ndipo kungosowa kwa nkhondo sikukwanira (ndime 78). Mu 1967 Papa Paul VI, m'kalata yake ya Populorum Progressio, adalumikiza mtendere ndi chitukuko cha munthu yense ndi cha anthu onse. Maepiskopi a m'Malawi, m'kalata yawo ya pa Lenti ya mu Malichi 1992, adatchula kuthithikana kwa ana m'makalasi ndi kuchepa kwa ogwira ntchito m'zipatala ngati nkhani za chikhulupiriro ndi chilungamo.

Ku Mozambique chiphunzitsochi chidaoneka m'ntchito. Zokambirana za mtendere zidachitikira ku likulu la gulu la akhristu eniake la Sant'Egidio kuyambira mu Julaye 1990. Amkhalapakati adali Arkiepiskopi Jaime Gonçalves wa ku Beira, Andrea Riccardi amene adayambitsa gululi, Bambo Matteo Zuppi amene tsopano ndi Kadinala, ndi Mario Raffaelli woimira boma la Italy. Nkhondo itatha, Mpingo udatsegulanso sukulu ndi zipatala zambiri za mamishoni. Mu 1996 maepiskopi adatsegula Yunivesite ya Katolika ku Beira ndi ku Nampula, mwadala kutali ndi Maputo, chifukwa kusalidwa kwa zigawo zapakati ndi kumpoto kudali nkhuni imodzi yosonkhezera nkhondo. Pambuyo pake yunivesiteyo idayamba kuphunzitsanso madokotala ku Beira. Mu 2002 gulu la Sant'Egidio lidayambitsa pulogalamu ya DREAM yothandiza odwala Edzi ndi kuteteza makanda kuti asatengere kachilombo kwa amayi awo, ndipo pulogalamuyi idafikanso m'Malawi. Papa Francis adayendera chipatala chake cha ku Zimpeto, mumzinda wa Maputo, mu Sepitembala 2019.

Ntchito imene sinathe

Kuyambira mu Okutobala 2017, zigawenga zakhala zikuukira m'chigawo cha Cabo Delgado kumpoto kwa Mozambique. Anthu oposa 1 miliyoni adathawapo m'nyumba zawo, ndipo sukulu ndi zipatala zambiri zidatsekedwanso. Chigawochi chili ndi gasi ndi miyala yamtengo wapatali, koma ndi chimodzi mwa zigawo zosauka kwambiri m'dzikolo. Maepiskopi a ku Mozambique adachenjeza mu 2021 kuti achinyamata opanda maphunziro, ntchito ndi chiyembekezo amakopeka mosavuta ndi owapatsa mfuti.

Usiku wa pa 6 Sepitembala 2022, zigawenga zidafika pa mishoni ya Chipene m'dayosizi ya Nacala. Zidawombera Sisiteri Maria De Coppi wa chipani cha Comboni, amene adatumikira m'dzikolo kuyambira 1963 ndipo adapulumuka nkhondo yonse yapachiweniweni. Zidatentha tchalitchi, chipatala, makalasi ndi nyumba zogona ophunzira. Ana amene adatsala pamishonipo adathawira kutchire. Zimene zidamangidwa m'zaka zambiri zidapsa usiku umodzi.

Phunziro lake ndi lowawa koma lomveka. Kumene kumanganso kudafika mochedwa kapena moperewera, nkhondo idapeza pomera. Sukulu ndi chipatala zimachiza mabala a nkhondo yapita, komanso zimatseka khomo la nkhondo ikubwerayo.

Zimene parishi ya m'tauni ingachite

Malawi sidaonepo nkhondo yapachiweniweni, ndipo ichi ndi chifukwa choyamika Mulungu. Koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Pali zinthu zingapo zimene zili m'manja mwa akhristu.

Choyamba, kulandira ana othawa nkhondo. Msasa wa Dzaleka ku Dowa, umene udatsegulidwa mu 1994, uli ndi anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda, ndipo bungwe la Ajezwiti lothandiza othawa kwawo limayendetsa sukulu kumeneko. Mkhristu sayenera kutchula mwana wotere maina onyoza, kapena kulola ana ake kutero.

Chachiwiri, kulemekeza sukulu ndi chipatala monga malo osakhudzidwa. Ophunzira amene amatentha nyumba za sukulu chifukwa chokwiya ndi oyang'anira, anthu amene amaswa chipatala pa zionetsero, wogwira ntchito amene amaba mankhwala n'kukagulitsa pamsika, onsewa amachita pang'ono zomwe nkhondo imachita mochuluka. Makolo, aphunzitsi a Tilitonse ndi magulu a achinyamata ali ndi udindo wonena zimenezi poyera.

Chachitatu, kusamala lilime pa ndale. Nkhondo imayamba ndi mawu ogawa anthu potengera mtundu, chigawo kapena chipembedzo. Komiti ya Chilungamo ndi Mtendere ya parishi ingathandize miphakati kufunsa ofuna maudindo za aphunzitsi, anamwino ndi mankhwala, makamaka m'madera amene adatsalira.

Chachinayi, kupereka mokhulupirika. Chopereka cha Lamulungu la Mamishoni mu Okutobala ndi cha Utumiki wa Ana pa Epifania chimathandiza madayosizi osauka, kuphatikizapo amene ali pankhondo. Ndipo wofuna kuthandiza sukulu kapena chipatala aganizire zopitirira njerwa: fizi ya wophunzira unamwino kapena uphunzitsi imabala zipatso kwa zaka makumi atatu.

Mafunso okambirana m'miphakati

1. Powerenga Nehemiya mutu 5, n'chifukwa chiyani Nehemiya adaimika maganizo ake pa dandaulo la amphawi ntchito ya linga isanathe? Ndani amene akuiwalika pa ntchito zachitukuko za m'dera la mphakati?

2. Mwa magawo anayi aja, njira, makoma, anthu ndi mitima, ndi gawo liti limene sukulu kapena chipatala chapafupi chikulisowa kwambiri?

3. Akuluakulu amene adakhala ndi othawa nkhondo a ku Mozambique angafotokozere achinyamata zotani za nthawi imeneyo?

4. Kodi m'dera la mphakati muli ana amene sapita kusukulu kapena kusikelo? Ndani akawayendere sabata ino?

Zopempherera sabata ino

Ana a ku Cabo Delgado, kum'mawa kwa Congo, ku Sudan ndi kulikonse kumene sukulu zatsekedwa ndi nkhondo, kuti Ambuye awateteze ndi kuwabwezera m'kalasi.

Aphunzitsi, anamwino, azamba, makatekisiti, asisiteri ndi ansembe amene akutumikira m'malo oopsa, kuti asataye mtima.

Atsogoleri a maiko, kuti akasayina mapangano a mtendere akumbukire kuti ntchito yangoyamba kumene.

Mizimu ya onse amene adafera pantchito yophunzitsa ndi kuchiza ana, kuti iuse mumtendere.